MLENDO ADZA NDI KALUMO KAKUTHWA, KOMA MUTU NDI WATHU

Nkhani yokambidwa kwa atsogoleri a Miphakati ya m'Parishi ya Mtengowanthenga

Mau oyamba

Zikomo kuti mwasiya khasu ndi ntchito za kudimba n'kubwera kuno. Ndikudziwa kuti ena mwapalasa njinga kuyambira m'bandakucha, tsono ndiyesetsa kuti ulendo wanu usapite pachabe.

Nkhani yathu lero ndi ya zipangizo zachitukuko zochokera kumaiko akunja, monga mijigo, mbeu zamakono ndi makina oyendera mphamvu ya dzuwa. Makolo athu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mau amenewa ndi oona, ndipo ine sindinabwere kudzanyoza alendo kapena zimene amatibweretsera. Koma pali mbali ina imene timaiiwala. Kalumoko ndi ka mlendo, inde, koma mutu umene ukumetedwa ndi wathu. Kalumo kakaphonya, magazi amatuluka pa ife, mlendo atapita kale kwao. Chifukwa cha ichi, mwini mutu ayenera kunena m'mene akufuna kumetedwera, ndiponso ayenera kuphunzira kunola kalumoko yekha.

Ndikambapo zinthu zimene zinachitikadi m'dziko lathu lino, zina zinayenda bwino, zina zinakanika. Pambuyo pake tiona mafunso amene tiyenera kufunsa tisanalandire chipangizo chilichonse pamudzi pathu.

1. Mjigo wa gudumu ndi mjigo wa sipanala imodzi

Ndiyambe ndi madzi. Ine ndili mwana, m'mudzi mwathu munali mjigo umodzi wa chigudumu chachikulu, wachitsulo chokhachokha, wochokera ku Ulaya. Anthu a msinkhu wanga mukuikumbukira mijigo imeneyi. Unali wolimba ndithu, koma tsiku limene unaonongeka panalibe ndi mmodzi yemwe m'mudzi amene akanaukhudza. Mipaipi yake inali yolemera kwambiri, moti kuizula kunkafuna galimoto ndi anthu odziwa ochokera kutali. Amfumu anatumiza uthenga, ife n'kumadikira. Miyezi inapita. Amayi anga anabwerera ku chitsime cha kudambo kumene ng'ombe zinkamweranso, ndipo chaka chimenecho mlongo wanga wamng'ono anatsala pang'ono kutisiya ndi matenda otsegula m'mimba, mjigo uli chiimire pakati pa mudzi. Tinkaudutsa ngati chiliza. Unali pabwalo pathu, koma sunali wathu.

Vuto limeneli silinali la mudzi wathu wokha. M'maiko ambiri a mu Afirika mijigo yochuluka inali itangoima chomwecho. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri a zamadzi a boma la Malawi, pamodzi ndi anzao ochokera kunja, anayamba ntchito yokumba madilawo ndi zitsime m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu, ndipo ntchito yonga yomweyo inafikanso kuno ku Dowa, mbali ya kumadzulo. Anthu amenewa anaona kuti mjigo wosaonongeka kulibe, popeza chinthu chopukusidwa kuyambira m'mawa mpaka usiku chiyenera kutha basi. Tsono anaika mtima pa kupanga mjigo woti ukaonongeka, eni mudzi aukonze okha.

Pa maganizo amenewa panabadwa mjigo wotchedwa Maldev. Ntchito youkonzanso inapitirira ku Kenya ndi thandizo la World Bank ndi UNDP, ndipo m'zaka zomwezo za m'ma 1980 kunatuluka mjigo wa Afridev. Umenewu ndi mjigo umene amayi akupukusa lero m'midzi yathu yambiri. Timauyesa wachilendo, osadziwa kuti mchombo wake unagwera kwathu konkuno.

Taonani zimene anasintha. Mipaipi anaika ya pulasitiki, yosachita dzimbiri, ndipo imatsala m'dilawo momwemo pokonza. Ndodo zake zimazulidwa ndi manja, anthu atatu kapena anayi akwana. Zida zotsegulira ndi sipanala imodzi ndi kachitsulo kokowera za pansi. Tinthu tomwe timatha msanga, monga timarabala ndi mabushi, ndi tating'ono, tokwana m'thumba la malaya, ndiponso mtengo wake mudzi ungaukwanitse. Mjigowu umakoka madzi mpaka pa mamita 45. Ntchito imene kale inkadikira galimoto miyezi ingapo, lero amayi a m'komiti ya pamjigo amaimaliza dzuwa lisanapendeke.

Komabe tisanamizane. Ngakhale Afridev amafa. Amafa pamene komiti ilibe ndalama m'thumba, pamene amene anaphunzitsidwa kukonza anasamuka osasiyira mnzake nzeruzo, ndiponso pamene okumba anakumba dilawo lalifupi nthawi ya dzinja, madzi ali pamwamba, n'kudzauma mu Okotobala. Chipangizo chikagwirizana ndi mudzi, theka la ntchito latha. Theka linalo ndi la eni mudzi.

2. Chimanga chimene chinalephera mayeso a mtondo

Chitsanzo chachiwiri chili m'nkhokwe mwathu. Chimanga chimene timachitcha chamakolo nachonso chinabwera ngati mlendo. Kwao ndi ku Mexico, kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, ndipo chisanafike kuno, zaka mazana angapo zapitazo, makolo athu ankadalira mapira ndi mawere. Koma agogo athu aakazi, chaka ndi chaka, ankasankha chimanga cha njere zolimba n'kuchipachika pamwamba pa moto kuti utsi uchisunge kufikira nthawi yobzala. Mwa njira imeneyi mlendo uja anasanduka mwana wa pakhomo.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 alangizi ankalimbikitsa chimanga cha haibridi. Chinkabereka kwambiri chikapatsidwa feteleza, koma alimi ambiri ankachilima pang'ono chabe, choti akagulitse ku ADMARC, chakudya n'kumadalira chamakolo. Ena ankati alimi a ku Malawi ndi osamva, okakamira zakale. Chikhalirecho amayi anali ndi chifukwa chomveka. Haibridi wa nthawi imeneyo anali wa njere zofewa. Ukamukonola mumtondo ankanyenyeka, ufa wambiri n'kupita ku gaga, mphale n'kutsala yochepa. Ukamuika m'nkhokwe, anankafumbwe sankachedwa kulowa. Mlangizi ankayeza matumba pa tsiku lokolola, pamene mayi ankayeza ufa woyera m'lichero ndi miyezi imene nkhokwe idzakhale isanapepuke. Onse awiri ankadziwa masamu, koma ankawerenga zinthu zosiyana.

Akatswiri athu a ku Chitedze, ku Lilongwe, anamvera madandaulo amenewa. Anakwatitsa mbeu za haibridi za kuno ndi mbeu ina ya njere zolimba yochokera ku bungwe la CIMMYT la ku Mexico, ndipo mu 1990 anatulutsa MH17 ndi MH18. Chimanga chimenechi chinkabereka ngati haibridi, koma chinkakonoleka bwino pafupifupi ngati chamakolo. Alimi anachilandira. Ine ndinaphunzira zauphunzitsi, tsono ndimati mtondo ndiwo unali mayeso, ndipo amayi ndiwo anali ochonga. Mbeu zoyamba zija zinalowa m'kalasi osadziwa kuti kuli mayeso otere.

Masiku ano ambiri timakonoletsa kuchigayo, ndipo mbeu m'masitolo zilipo zamitundumitundu. Koma phunziro lake likadalipo. Mbeu ya haibridi imafuna kugula yatsopano chaka chilichonse, ndiponso imafuna chakudya chokwanira m'nthaka. Munthu wanzeru amayamba waiyesa pa mizere ingapo, n'kuona m'mene ikuchitira ndi mvula ya kwao, n'kufunsa amayi kuti ikukonoleka bwanji ndipo ikusungika bwanji, asanaipatse munda wonse.

3. Mjigo wa masewera a ana

Tsopano chitsanzo cha chinthu chimene chinakoma m'maso koma n'kukanika pamudzi. Ku South Africa kunapangidwa mjigo wotchedwa PlayPump. Unali chigudumu chogona chimene ana amakwerapo n'kumazungulira posewera. Akamazungulira, madzi ankakwera m'thanki ya pamwamba. M'mbali mwa thankiyo munali malo oikapo zikwangwani za malonda, ndipo ndalama za zikwangwanizo ndizo zinayenera kulipirira okonza. Anthu a kumaiko olemera anaukonda kwabasi. Mu 2006 mayi Laura Bush, mkazi wa pulezidenti wa America wa nthawi imeneyo, analengeza thandizo la madola 16.4 miliyoni lofalitsira mijigo imeneyi. Inaikidwa ku Mozambique, ku Zambia, kuno ku Malawi ndi maiko ena.

Nanga chinachitika n'chiyani? Inu amayi mungayankhe musanauone n'komwe. Madzi amafunika m'mamawa, nthawi imene ana akukonzekera sukulu. Ana amasewera akafuna, akatopa amasiya. Mapeto ake amayi, ena okalamba, ena oyembekezera, ndiwo ankakankha chigudumu chija ndi manja kuti apeze ndowa imodzi. Nyuzipepala ya The Guardian ya ku London inawerengera mu 2009 kuti ana akanayenera kusewera maola 27 pa tsiku kuti mjigo umodzi ukwanitse anthu 2,500 amene ankanenedwa, pamene tsiku lili ndi maola 24 okha. Amalonda sanafune kuika zikwangwani kumidzi yakutali, tsono ndalama zokonzera sizinapezeke. Mjigo umodzi unkadya pafupifupi madola 14,000, ndalama zoti n'kugulira mijigo wamba ingapo. Chopweteka koposa n'chakuti m'malo ena anachotsa mjigo wamanja umene unkagwira ntchito kuti aikepo watsopanowo. Mu 2010 bungwe limene linkasonkhetsa ndalama za mijigoyi ku America linatseka ntchito yake.

Anthu amene anapereka ndalama zimenezi sanali oipa mtima. Anafuna kuthandiza. Cholakwa chinali chimodzi: anafunsa aliyense kupatula mayi wosenza ndowa.

4. Milambala ya chikakamizo

Pali njira inanso imene chinthu chabwino chimaonongekera. Ife a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi timadziwa m'mene madzi a mvula amakokololera nthaka pa malo otsetsereka. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linakhwimitsa malamulo amene makolo athu ankawatcha malimidwe. Anthu ankakakamizidwa kuunda milambala yotchinga madzi, ndipo wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Nzeru yoteteza nthaka inali yabwino, koma inabwera ndi chikoti. Anthu anadana nayo, moti malimidwe anakhala chimodzi mwa zifukwa zimene anthu akumidzi anaukirira atsamunda. Chikoti chitachoka, ambiri anaisiya milambala ija.

Patapita zaka, nzeru yomweyo inabweranso mwa njira ina. Alimi anaphunzitsidwa kuyeza okha akalozera ndi timitengo titatu, chingwe ndi mwala, n'kubzalapo udzu wa vetiva. Pamene mlimi wayeza yekha n'kuona ndi maso ake nthaka ikutsalira kumtunda kwa udzuwo, safunanso womulondera. Apa tikuona kuti pokonza chipangizo kuti chigwirizane ndi malo, tiyeneranso kuyang'ana njira imene chikulowera m'mudzi, ngati chikulowa ndi chilolezo cha eni ake kapena ayi.

5. Akatswiri tili nao pakati pathu

Pena timaganiza kuti ntchito yosintha zipangizo ndi ya anthu a madigiri okha. Tayang'anani pamseu wa M1 tsiku la msika. Ngolo imene ikunyamula fodya, manyowa ndi odwala ili ndi ekisele ndi matayala a galimoto yakufa. Amene anapanga galimotoyo sanalotepo kuti miyendo yake idzakokedwa ndi ng'ombe za ku Dowa. Njinga inapangidwa kuti inyamule munthu mmodzi, koma owotcherera a pa Mponela ndi pa Lumbadzi anailimbitsa kaliyala, anyamata n'kuikapo katsamiro, lero ndi kabaza amene akudyetsa mabanja. Amayi oumba anatenga nzeru yosunga moto n'kuiika m'dothi lathu lomweli, n'kutuluka Chitetezo Mbaula, imene imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo ikasweka ina imaumbidwa pamudzi pomwepo.

Kumbukiraninso William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe m'boma la Kasungu. Pa njala ya 2001 ndi 2002 anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. M'kanyumba kowerengeramo mabuku anaona chithunzi cha makina opanga magetsi ndi mphepo. Zipangizo zimene azungu amapangira makinawo analibe. Anatola fani ya thirakitala, mipaipi ya pulasitiki, njinga yakutha ndi dainamo, n'kuzikweza pa nsanja ya mitengo ya bulugamu, ndipo nyali inayaka m'nyumba ya makolo ake, iye ali ndi zaka 14. Anthu ankamuyesa wamisala. Nzeru anaitenga m'buku lakunja, koma anaimanga ndi zimene zinali pa dzala la kwao, n'chifukwa chake ikaonongeka ankadziwa poigwira.

M'Miphakati mwathu muli ana otere, aja amaphwasula wailesi ndi tochi. Tisamafulumire kuwakalipira. Pakabwera ntchito yachitukuko, tiziwaika pafupi ndi amisiri kuti aziona.

6. Za masiku ano: makina oyendera dzuwa

Lero chimene chafala ndi sola. Tili ndi nyali za sola, mapampu othirira m'madimba, ndi madilawo okoka madzi ndi dzuwa n'kuwatumiza ku mipopi. Zimenezi ndi zabwino, ndipo dzuwa kuno silisowa. Koma ndikuuzeni zimene ndinaona poyendera nthambi ina. Sinditchula mudzi kapena bungwe, popeza cholinga changa si kuchititsa munthu manyazi.

Pamudzipo panali mjigo wamanja umene unkagwira ntchito. Kunabwera abwenzi achifundo, anazula mjigowo, n'kulowetsa pampu ya sola m'dilawo lomwelo. Anamanga thanki ndi mipopi. Tsiku lotsegulira kunali magule ndi nthungululu, inenso ndinapemphera nao. Patapita chaka ndi miyezi, mphezi inaotcha kabokosi koyendetsa pampu ija. Nditafikako ndinapeza mipopi ili gwa. Ndinafunsa a komiti kuti wokonza ali kuti, anati sakumudziwa. Ndinafunsa nambala ya foni, anati inali ndi mkulu wina amene ntchito yake inatha. Buku la malangizo linalipo, koma la m'Chingerezi chozama. Ndalama m'thumba munalibe, chifukwa tsiku lotsegulira anauzidwa kuti dzuwa ndi laulere. Mjigo wakale uja palibe ankadziwa kumene unapita. Amayi anali atabwerera kudambo, monga amayi anga zaka makumi anayi zapitazo.

Ndinafunsa mayi wina wa m'komitiyo kuti, "Nanga amayi, pamene ankazula mjigo wanu uja simunanene kanthu?" Anayankha kuti, "Aphunzitsi, mphatso saifunsa mafunso. Tinaopa kuti akakwiya apita nazo kumudzi wina."

Mau amenewa ndiwo anandichititsa kuvomera kudzalankhula pano lero. Mayi uja analankhula mwaulemu, monga tinaleredwera. Koma ulemu wotere ndi umene unapha mbewa yamanyazi kuuna.

7. Mafunso asanu ndi awiri

Tsono pakabwera munthu aliyense ndi chipangizo, kaya ndi wa boma, wa bungwe, wa ndale, wamalonda, ngakhale wa Mpingo wathu womwe, timulandire bwino, timupatse mpando, kenaka timufunse mafunso awa.

Loyamba: Kodi chimenechi chikuthetsa vuto liti, ndipo vutolo ndi limene ife tinaliika patsogolo? Mudzi ukhoza kulandira chigayo pamene chikuwawa anthu ndi mlatho.

Lachiwiri: Adzachigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndani, ndipo iyeyo wafunsidwa? Ngati ndi za madzi, nkhuni kapena chakudya, amayi alankhule poyamba. Okalamba ndi olumala achiyese ndi manja ao.

Lachitatu: Chikaonongeka adzakonza ndani? Tifuna dzina, mudzi ndi nambala, zolembedwa m'buku la komiti. Tipemphe kuti anthu a pamudzi osachepera atatu aphunzitsidwe, ena mwa iwo akhale amayi, popeza anyamata sachedwa kupita ku Lilongwe kapena ku Joni.

Lachinayi: Zitsulo zosinthira zimagulidwa kuti, ndipo pa mtengo wanji? Ngati zimapezeka pa Mponela, zili bwino. Ngati mpaka ku Lilongwe, tiwerengere ndi thiransipoti. Ngati ziyenera kuitanitsidwa kunja kwa dziko, tidziwiretu kuti tsiku lina tidzadikira nthawi yaitali.

Lachisanu: Chidzatidyera ndalama zingati pa chaka? Palibe makina aulere. Batire limatha, pampu imatha, mlonda amafuna malipiro. Tigwirizane chopereka cha pamwezi chipangizocho chisanafike, msungichuma azipereka risiti, ndipo lipoti la ndalama liziwerengedwa poyera.

Lachisanu ndi chimodzi: Chinaikidwapo kuti kwina, pa malo ofanana ndi athu, zaka zitatu zapitazo? Titume anthu awiri akaone okha ngati chikugwirabe ntchito, ndipo akafunse eni mudzi, obweretsa chinthucho palibe. Madzi a malo ena amadya chitsulo, nthaka ya kumapiri imasiyana ndi ya kuchigwa, ndipo chimene chinachita bwino ku Salima chikhoza kukanika ku Ntchisi.

Lachisanu ndi chiwiri: Nanga chakale chathu chipita kuti? Tisalole kuzula mjigo wamoyo, kapena kutaya mbeu yamakolo, chatsopano chisanadutse dzinja ndi chilimwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mlendo wa cholinga chabwino amakondwa ndi mafunso amenewa, chifukwa nayenso safuna kuti ndalama zake zithere pa chitsulo chongoima. Amene akwiye nao, ameneyo watithandiza kumudziwa msanga.

8. Kufunsa ndi ufulu wathu, ndiponso ndi udindo

Ena mukhoza kunena kuti ife anthu wamba tilibe mphamvu zofunsira akuluakulu. Mphamvuzo tili nazo. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 30, amanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa chitukuko, ndipo amatchula mwapadera amayi, ana ndi olumala. Kuyambira mu 1998 dziko lino linatsata ndondomeko ya mphamvu ku anthu, yoti chitukuko chiziyambira kumudzi, kudzera m'makomiti a VDC ndi ADC, mpaka ku khonsolo. Palinso lamulo la 2017, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, lopatsa nzika ufulu wopempha ndi kulandira uthenga kuchokera ku maofesi a boma. Choncho kufunsa kuti dilawo lakumbidwa mamita angati, ladya ndalama zingati, ndipo kontirakitala walonjeza chiyani likauma, si mwano kapena ndale. Khansala ndi phungu amene tinawasankha ayenera kutithandiza kupeza mayankho amenewa.

Eklezia naye amatiphunzitsa chimodzimodzi. Mu 1967 Papa Paulo VI, m'kalata yake ya Populorum Progressio, anaphunzitsa kuti chitukuko chenicheni chimakweza munthu yense wathunthu ndi anthu onse, ndipo kuti anthu eni ake ndiwo ayenera kukhala patsogolo pa chitukuko chao. Chipangizo chimene chimatisiya tili opemphapempha kuposa kale sichinatikweze, ngakhale chikhale chonyezimira chotani.

Koma ufulu umayenda ndi udindo. Tikafunsa mafunso, n'kulandira chinthu, ndiye kuti chakhala chathu. Tisamanene kuti "mjigo wa bungwe" kapena "sola ya a phungu". Tizisonkha, tizisesa, tizilondera. Amene amaba mapanelo a sola ndi ndodo za mjigo sachokera kumwamba, ndipo amene amagula zakubazo timawadziwa. Mkhristu amene amapereka chamtulo mokhulupirika koma n'kumazemba chopereka cha pamjigo, adzifunse bwino mumtima mwake.

Mau otsiriza

Abale ndi alongo, safunsa anadya phula. Mjigo wa Afridev ndi chimanga cha MH18 zinatheka chifukwa akatswiri anadzichepetsa n'kumvera anthu akumudzi. Mjigo wa masewera uja unakanika chifukwa palibe anafunsa mayi wosenza ndowa, ndipo pamudzi ndinakamba paja panauma chifukwa eni ake anaopa kufunsa. Ndikupemphani kuti mukabwerera ku Miphakati yanu mukachite chinthu chimodzi mwezi uno usanathe. Mukayendere mjigo, chigayo cha gulu kapena pampu imene muli nayo, mukatsegule buku la komiti, mukaone ngati muli dzina la wokonza ndi ndalama zogulira marabala. Ngati mulibe, yambirani pamenepo.

Mafunso okambirana m'Miphakati

1. Tchulani zipangizo zachitukuko zimene zinabwera m'dera lanu pa zaka khumi zapitazi. Ndi ziti zikugwirabe ntchito, ndipo ndi ziti zinaima? Chifukwa chiyani?

2. Pamene zinkabwera, anafunsidwa ndani? Kodi amayi analankhulapo?

3. Kodi komiti ya pamjigo wanu ili ndi ndalama zingati lero? Lipoti lomaliza linawerengedwa liti?

4. Ndi anthu ati a luso la manja m'dera lanu amene angaphunzitsidwe kukonza zipangizo zimenezi?

5. Mlendo atabwera mawa ndi mphatso ya makina, ndani pakati panu adzaimirire kufunsa mafunso asanu ndi awiri aja?